Singano Ikathyoka

Lamulo la pafakitale yosoka zovala za ana ija linali lomveka, ndipo amene analikhazikitsa sanaganize zoipa. Singano ikathyoka, makina aime. Wosokayo atenge maginito amene ankapachikidwa pa msomali wa pachipilala cha pakati pa holo, asakesake tizidutswa tonse, m'nsalu, pansi, ngakhale pa siketi yake, mpaka singanoyo ikwane kuchokera kumutu kukafika kunsonga. Akatero amate tizidutswato pa kapepala ndi selotepi, apite nato yekha ku chipinda cha kumapeto kuti akamupatse ina. Kachidutswa kotsalira m'kabudula kakhoza kukabaya khanda la eni, choncho palibe ankatsutsa. Chimene olemba lamulowo sanachiganizire n'chakuti chipindacho chinalibe windo, chitseko chake chinali chachitsulo, ndipo makiyi ake ankasunga munthu mmodzi.

Munthuyo ankangomutchula kuti a Makiyi. Anali bambo wojintcha, wa manja ngati mafosholo, wodziwa kupereka moni kwa mabwana ndi manja awiri. Kumuona panja ukanamusiyira mwana kuti akulerere. M'kati muja, akatembenuza loko, ankayamba n'kuwerenga tizidutswa pang'onopang'ono, kenaka n'kunena kuti nsonga ikusowa. "Mwina yagwera m'bulauzimu, tabwera tione." Wokana ankamupotokola dzanja. Wokuwa ankamutseka pakamwa n'kumuombetsa mutu ku shelefu. Mtsikana wina wa ku mabatani anatulukamo dzino lili m'manja, n'kunena kuti wagwa, ndipo kuyambira pamenepo anzake ankamutcha Kadzino. Wina anatuluka ali duu, anasoka mpaka belu loweruka, mawa lake sanabwerenso. Mmodzi yekha analimba mtima kukanena kwa kapitawo. Anamuuza kuti abweretse mboni, ndipo mwezi usanathe anamuchotsa ntchito, ati amathyola singano zambiri.

Mbonizo zikanachokera kuti? Amayi makumi asanu ndi limodzi a m'holomo anali ndi kachitidwe kawo konyansa, kamene palibe anaphunzitsa mnzake. Akaona kuti pa msomali palibe maginito, ndipo mpando wa mtsikana wina uli wokhawokha, onse ankaweramira pa nsalu n'kuponda makina mwamphamvu. Phokoso linkakwera mpaka malata kunjenjemera. Sankafuna kumva, chifukwa womva amayenera kudzuka, ndipo wodzuka ana ake agona ndi njala. Tisawaikire kumbuyo kuti sankadziwa. Ankadziwa onse.

Nazipi ankadziwa kuposa onsewo. Dzinali analipeza chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi ntchito yake inali yoika zipi basi, ndipo akanatha kuika ngakhale atatsinzina. Chaka chake choyamba pafakitalepo singano inamuthyokera, ndipo kuchokera tsiku limenelo chala chake chaching'ono cha kumanja sichinawongokenso. Kunyumba ananena kuti chinapanidwa ndi chitseko. Sanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wake, mpaka anamuika m'manda. Tsopano imvi zitayamba kuoneka, a Makiyi ankangomuponyera singano osamuyang'ana n'komwe.

Ndiye mwana wake wachisamba atakhala pakhomo zaka ziwiri sukulu itatha, ntchito osaoneka, Nazipi anamupezera malo pa makina opinda m'munsi mwa madiresi. Anadziuza mumtima kuti azimuyang'anira. A m'holomo sanachedwe kumutcha mtsikanayo Kazipi, dzina limene mwiniwake ankadana nalo kwambiri.

"Singano ikathyoka usadzuke," Nazipi anamuuza m'mawa wa tsiku loyamba ali pa mzere wa pageti. "Undikodole, ndikakutengera ine."

"Koma amayi, lamulo likuti wosoka apite yekha."

"Lamulolo ndinalidziwa iwe ukadali ndi mamina m'mphuno. Undikodole basi."

"Chifukwa chake n'chiyani?"

"Chifukwa ndanena ine."

Pamenepo ndiye analakwitsa. Mwana wa zaka makumi awiri sumuyankha kuti chifukwa ndanena ine. Mawu enieniwo ankafika pakhosi n'kubwerera, chifukwa kuti amutsine khutu mokwanira anayenera kunena za chala chija, ndipo mayi amaiyamba bwanji nkhani yoteroyo kwa mwana wobereka yekha? Kawiri konse singano ya Kazipi inathyoka, kawiri konse mayi wake anakamutengera ina, kapitawo akuyang'ana kumbali. Atsikana a pamzere wake anayamba kumugemula. "Ukayetsemula amayi abwera ndi kansalu." "Nanga kuchimbudzi amakuperekezanso?" Ankaseka akudziwa, ndipo kansanje kanalipo, poti iwo analibe wowatengera. Kazipi ankangoluma mlomo, makutu akumutentha ndi manyazi.

Tsiku lake linali Lachinayi, dzuwa litakwera. Makatoni atatu a mabuluku anabwezedwa chifukwa zipi zake zinkakakamira, ndipo kapitawo anamutenga Nazipi kupita naye ku tebulo loyendera zovala, kuseri kwa mulu wa makatoni, kuti aone chavuta n'chiyani. Anakhalako mphindi zochepa chabe. Akuyesa zipi yachisanu, makutu ake anamva zimene maso anali asanaone. Phokoso la makina linali litasintha. Linali litakwera, lolemera, la anthu oponda ndi mwendo wonse.

Anaponya buluku pansi. Atatulukira kuseri kuja anayang'ana pachipilala, pa msomali panalibe kanthu. Anayang'ana mzere wachitatu. Mpando wa mwana wake unali wokankhidwira kumbuyo, kadiresi kachikasu kali chilendewere pa makina.

"Wapita liti?" anafunsa mtsikana woyandikana naye mpando. Mtsikanayo sanadzutse mutu, anangowonjezera kuponda. Nazipi anamugwira tsitsi n'kumudzutsa nkhope. "Ndikufunsa iwe! Wapita liti?"

"Posachedwa pompa, amayi. Ndinamuuza kuti akudikireni, iye anati si mwana."

Nazipi anathamanga, nsapato imodzi n'kutsala panjira. Anafika pa chitseko chachitsulo chija n'kuchigwedeza, chinali chokhoma. Anachimenya ndi zibakera, anachiponda, anaitana dzina lenileni la mwana wake mpaka mawu kusasa, koma phokoso la makina linkameza zonse. Atatembenuka anaona misana yokhayokha, mizere isanu ndi umodzi ya misana yowerama. Anaizindikira bwino misana imeneyo. Wake unawerama chimodzimodzi kwa zaka khumi ndi zinayi.

Pakhoma la pafupi ndi khomo lalikulu panali bokosi la magetsi lokhala ndi chogwirira chofiira, limene ankaloledwa kukhudza anali wamagetsi yekha. Nazipi anachigwira ndi manja awiri n'kuchikokera pansi ndi thupi lonse.

Makina onse anafa kamodzi. M'holo munati zii, mapazi ena akupondabe pachabe. M'chipinda chopanda windo chija munagwa mdima wa ndiweyani, ndipo mwina ndi umene unapulumutsa mtsikanayo, chifukwa dzanja limene linamutseka pakamwa linaterereka. Onse anamva chinthu cholemera chikugunda shelefu. Anamva mwamuna akubuula ngati walumidwa. Kenaka anamva mbama, ina pamwamba pa inzake, ndi mawu amene analowa m'khutu la aliyense:

"Amayi! Amayi ineee!"

Palibe anali ndi pobisala tsopano. Amayi ena anagwira pakamwa. Kadzino anayamba kunjenjemera mpaka mpando wake kugogoda pansi.

"Ndani wazimitsa magetsi?" anakuwa kapitawo akuthamanga kuchokera ku makatoni. "Nazipi, wapenga? Yatsa msanga! Aliyense akhale pamalo pake!"

Nazipi anamudutsa ngati wadutsa chitsa. Sizasi iliyonse m'holomo inkamangiriridwa ku makina ake ndi chingwe, kuti isasochere m'zovala, ndipo inali ndi nambala ya makinawo. Anafika pa makina ake, anatenga sizasi yake yaikulu, n'kudula nayo chingwe chake chomwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye anali wokonzeka kuchitsekula ngakhale ndi mano.

Woyamba kudzuka anali Nasimbi, mayi wamkulu thupi wa ku tebulo lositira, wa mikono yodzaza ndi zipsera za moto. Anazula simbi yake ku khoma, ikadali yotentha, n'kuloza ngolo yachitsulo yonyamulira mipukutu ya nsalu. "Gwirani iyo," anatero. Anadzuka awiri, kenaka asanu, kenaka mipando inagwa paliponse. Amayi asanu ndi atatu anaigwira ngoloyo ili yodzaza, anabwerera nayo mpaka pachipilala, n'kuthamanga nayo. Inagunda chitseko, holo yonse inanjenjemera, koma chitseko chinangopindika pang'ono. M'kati Kazipi anakuwanso, mawu ake n'kudukira pakati.

"Bwererani nayonso!" anatero Nazipi.

Mlonda wa pageti analowa ndi chibonga chake, kapitawo akumulozera. Sanafunse kanthu. Anamukwapula Nasimbi pamsana, anamenyanso mayi wina pa chigongono mpaka fupa kumveka. Akukweza chibonga kachitatu, atsikana a ku makolala anamuponyera nsalu kumutu, yaitali ya mpukutu wonse, anamuzunguliza nayo akuthamanga, anamugwetsa, anayi n'kumukhalira. Kapitawo ataona zimenezo anathawira ku ofesi.

Ngolo inagunda kachiwiri, njerwa za m'mbali mwa loko zinayamba kugumuka. Kachitatu loko anazuka ndi simenti yake yomwe, chitseko chinakankhikira m'kati, kuwala kwa m'holo n'kulowa.

Kazipi anali atagwada pakati pa mashelefu, bulauzi itang'ambika mpaka m'chiuno, diso limodzi litatupa kale, kukamwa kuli magazi okhaokha. Ena anali ake, ena anali a a Makiyi, amene dzanja lawo lamanzere linali litalumidwa mpaka mnofu kulendewera. Siketi yake inali ikadali m'chiuno, anali ataigwira ndi manja onse awiri. Bamboyo anamukoka tsitsi n'kumuimiritsa kutsogolo kwake, kampeni kotsekulira makatoni n'kukaika pa tsaya lake.

"Bwererani, agalu inu," anatero akupuma mwawefuwefu. "Kamtsikana aka kaba singano, ndimakasecha. Wina asunthe, ndikalemba kumaso."

Amayi aja anaima pakhomo. Nazipi yekha anapita patsogolo, phazi limodzi lopanda nsapato, sizasi ili m'manja.

"Musiyeni mwana wanga."

A Makiyi anamuyang'anitsitsa, kenaka anaseka, kuseka kwa munthu amene sanaopepo mkazi chibadwire. "Iwe Nazipi, iwenso? Suja unalowa muno iwe, n'kutuluka bwinobwino, n'kugwira ntchito zaka zonsezi? Unafa? Wabweretsa wekha mwanayu, ukudziwa khomo lake, lero ukuchita ngati mlendo?"

Nazipi anaona diso labwino la mwana wake likutembenukira kwa iye. Zimenezo zinamupweteka kuposa chilichonse chimene chinatsatira.

Analumpha. Bamboyo anamusiya mtsikana kuti amuchingamire, kampeni kanang'amba mkono wa Nazipi kuchokera pa chigongono kutsikira ku dzanja, koma iye sanamve kanthu. Anabaya ndi sizasi pamene panali pafupi, inalowa pa phewa mpaka theka n'kukakamira. A Makiyi anabangula. Chibakera chawo chinamupeza Nazipi pamphuno, anamva kuthyoka m'kati mwa mutu, maso anachita mdima, anagwa chagada. Bamboyo anamugwera pamwamba, bondo pachifuwa, dzanja lolumidwa lija pakhosi, linalo likusakasaka kampeni kamene kanagwa. Nazipi anakanda, anaponda mphepo, mpweya unakana kulowa. Anaona nkhope yomwe ija, pamalo pomwe paja, fungo la thukuta lomwe lija, ndipo mantha a mtsikana wa kale uja anamubwerera onse.

Kazipi ndiye anakaponda kampeniko n'kukakankhira pansi pa shelefu. Anatola bokosi lachitsulo la zida n'kuwamenya nalo a Makiyi pakhutu. Sanagwe, anangotembenuka kuti amugwire mwendo. Pamenepo Nasimbi anafika n'kuwadinda simbi yotentha pakati pa msana. Malaya anapsa, fungo la mnofu linadzaza chipinda, bamboyo anakuwa ndi mawu amene palibe akanakhulupirira kuti ndi ake.

Zitatero analowa onse amene akanakwana. Anamuchotsa pa Nazipi ngati akuchotsa thumba, anamuombetsa ku shelefu, shelefuyo inagwa, mabokosi a singano anatseguka, singano zikwizikwi n'kumwazika pansi pamene iye ankagubuduka. Anamumenya ndi mipando, ndi mitengo ya pakati pa mipukutu, ndi nsapato, ndi manja. Amayi oti ukawaona pa makina ungati sangaphe nyerere, tsiku limenelo anamenya mano ali gwa. Aliyense ankanena chake.

"Ili n'la dzino langa!"

"Ili n'la mng'ono wanga amene munamuchotsetsa ntchito!"

"Mundisechenso! Bwerani mundisechenso!"

Anamukoka miyendo kumutulutsira m'holo, mutu ukugunda pa simenti, magazi akulemba mzere mpaka pachipilala. Kumeneko anayamba kupempha. Anawatchula azimayi anga, achemwali anga, anakumbutsa kuti ali ndi ana. Nazipi anadzuka akudzandira, magazi ali chuchuchu m'mphuno ndi pamkono, anthu anamupatukira. Anagwada, anazula sizasi yake pa phewa la bamboyo, n'kuika nsonga yake pakhosi pamene mtsempha unkagunda. Ankafuna, ndipo tisabise, ankafunitsitsa. M'holo monse munalibe mmodzi amene akanamugwira dzanja.

Anakhala choncho nthawi ndithu. Kenaka anaganiza za ana ake ena awiri amene akanachokera kusukulu masana n'kupeza pakhomo popanda munthu, n'kuiponya sizasiyo pansi. Anagwira chala chaching'ono cha dzanja lamanja la a Makiyi n'kuchipindira kumbuyo pang'onopang'ono, akuwayang'ana m'maso, mpaka chinalira. Anachitanso chimodzimodzi ndi chinzake.

Bwana anatsika ku ofesi zonse zitatha, foni ili kukhutu, kapitawo akubisala kumbuyo kwake. Anayang'ana munthu wogona pansiyo, anayang'ana chitseko, anayang'ananso makatoni amene anadonthera magazi, ndipo nkhope yake inagwa kwambiri ataona makatoniwo. "Apolisi akubwera," anatero. "Wabaya munthu ndi sizasi adziwika. Kapitawo, yendera makina onse, uone pamene chingwe chaduka."

Kapitawo sanayende n'komwe. Kadzino anapita pa makina ake, anadula chingwe cha sizasi yake, anaiviika m'magazi a pansi paja n'kuiponya pamwamba pa ya Nazipi. Wotsatira anachita zomwezo. M'holo munangomveka kudula ndi kugwa kwa zitsulo, mpaka pachipilala panaunjikana mulu wa masizasi ofiira, zingwe zili lendelende pa makina onse. Nasimbi anapinda manja pachifuwa. "Awerengeni, bwana," anatero. "Ndipo apolisiwo akabwera asafulumire kubwerera. Mboni zija mumafuna zapezeka."

Kuseri kwa holo kunali mpopi umene ankasambira m'manja. Kumeneko Nazipi anakhala pa njerwa, mutu uli chagada kuti magazi a m'mphuno aleke. Wina anali atamuveka Kazipi juzi. Mtsikanayo anatsuka mkono wa mayi wake mosamala, anang'amba chidutswa cha nsalu yoyera n'kuyamba kukulunga balalo. Nazipi anamuyang'ana, wamoyo, wathunthu, ndipo chimwemwe chinamukwera mpaka misozi. Anali atafika pa nthawi yake. Anatambasula dzanja kuti amukhudze tsaya lotupalo.

"Zimene ananena zija n'zoona?" anafunsa Kazipi osadzutsa mutu.

Dzanja lija linaima m'malere. "N'zoona."

"Ndiye mumadziwa."

"Ndimadziwa, mwanangu."

"N'kundibweretsa konkuno."

"Pakhomo panalibe kanthu, iwenso ukudziwa. Ndinkati ndizikuyang'anira. Ndinkati ine ndilipo."

"Mukanangondiuza, amayi. Ndinakufunsani pageti paja. Ndinakufunsani kawiri."

Madzi ankangotayika pa mpopi. Chapatali kunamveka kulira kwa galimoto ya apolisi, ndipo amayi ena anayamba kutuluka m'holo kukaima pageti. Kadzino anali atakhala yekha pa khonde, mutu uli pakati pa maondo, mapewa akugwedezeka.

Kazipi anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. "Nanga uyo," anatero motsitsa mawu. "Ndi enawo amene analibe amayi awo muno. Akalowa m'mene muja, inu mumatani?"

Nazipi akanatha kunama. Ananamapo kwa mwamuna wake, kwa anansi, kwa iye mwini. Koma diso limodzi lija linali pa iye, likudikira.

"Ndimaponda makina," anatero.

Kazipi anagwedeza mutu pang'ono. Anamaliza kukulunga, anamanga mfundo, anaikoka ndi mano kuti ilimbe, n'kupisa nsonga zake m'kati kuti zisakole. Kenaka anadzuka, anadutsa bwalo lonse osacheuka, n'kukakhala pansi pambali pa Kadzino, phewa kukhudza phewa. Nazipi anatsala pa njerwa paja, mkono womangidwa bwino uli pa bondo, akuyembekeza kuti mwina mwana wake amuyang'ana. Apolisi analowa pageti iye akuyembekezabe.